Umboni Umene Ndinapereka M'holo ya Kampani

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka m'wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili wandibweretsera mwana wanga, amene ndimamutcha Aphunzitsi chifukwa ngakhale kukhitchini amayankhula ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Akuti ndizilemba zonse zimene madokotala akunena, poti masiku ano ndikumaiwala. Ndamuuza kuti sindiiwala, ndimangosankha zokumbukira. Sanaseke.

Chandibweretsa kuno ndi ichi: Loweruka m'mawa ndinali pa makina, ndikupinda diresi la kasitomala. Kenako ndinangopezeka ndili pansi, sizasi ili m'manja, dzuwa litapendeka kale. Maola a pakatipo sindikudziwa kumene anapita. Dzanja lamanzere lalemera ngati ndabwereka, ndipo pakamwa papotoka pang'ono.

Bipi 195 pa 110. Zaka 67, makilo 58. Kapiritsi koyera m'mawa, kachikasu madzulo, ndi kena koti magazi asamaundane.

Lachiwiri, 4 Juni

Amatidzutsa 5 koloko kudzatiyeza kutentha kwa thupi, ngati kutenthako kungathawe kukacha. Kenako wokolopa, kenako tiyi, kenako madokotala cha m'ma 9.

Kumanja kwanga kuli mayi wogulitsa nsapato pamsika. Ali ndi shuga, amudula chala chakuphazi. Wodi yonse imamutcha Wailesi, ndipo iye amavomera. Akuti, “Moyo wanga wonse ndagulitsa nsapato ziwiriziwiri, tsopano ine mwini ndizivala imodzi.” Kumanzere kuli agogo a chifuwa amene sayankhula ndi munthu. Bedi la pazenera, moyang'anana ndi langa, lilibe munthu.

Adokotala aakulu ndi bambo wamtali wa magalasi, amayenda ndi ophunzira anayi. Anandiuza mawu atatu kuti ndisunge: tebulo, nkhunda, mphete. Anandifunsa mwezi ndi chaka, anandiuza kuti ndijambule wotchi ikuloza 10 koloko. Kenako anati, “Mawu aja, mayi?” Ndinatchula tebulo ndi nkhunda. Lachitatu lija ndalikumbukira atapita kale.

Atenga magazi timabotolo titatu. Bipi 180 pa 100.

Lachitatu, 5 Juni

Andijambula m'mutu. Amakulowetsa chagada m'chimakina chonga ng'anjo n'kukuuza kuti usagwedezeke. Phokoso lake ngati matelala khumi akusoka nthawi imodzi.

Aphunzitsi abweretsa mpunga, nkhuku ndi malalanje. Andidyetsa okha, ngakhale dzanja lamanja lili bwinobwino. Mkamwini anangoima kumiyendo kwa bedi atagwira jumbo.

Lachinayi, 6 Juni

Zotsatira zatuluka. Adokotala anakhala pampando, chinthu chimene sachita kwa ena. Akuti timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo tikutsekeka kamodzikamodzi, ndipo zinayamba kalekale, mwina zaka zitatu zapitazo. Za Loweruka zija ndi sitiroko yaing'ono. Dzanja likhoza kubwerera ndikamachita mafizo olimbitsa minofu. Nzeru sizibwerera, zizingopita pang'onopang'ono. Mapiritsi angochedwetsa.

Ndinafunsa kuti, “Chiyambe kupita n'chiyani, zakale kapena zatsopano?”

Anati, “Kawirikawiri zatsopano, mayi. Zakale zimakakamira.”

Ndinati zikomo. Bwenzi zili bwino zikanakhala mosemphana.

Masana apolisi abweretsa mayi wina pabedi la pazenera. Wazaka ngati makumi atatu. Anamupeza pa depoti ya mabasi atangokhala, wopanda chikwama, wopanda pepala lililonse. Sayankhula. Anesi pomuvula bulauzi anaitanizana, ndipo ine ndinaona chimene amaonetsanacho: mzere wakuda kuzungulira khosi lonse, wokwera cha kuseri kwa makutu.

Wailesi akuti, “Amenewa ndi amuna, palibenso china.” Ine sindinadye madzulo.

Lachisanu, 7 Juni

Bipi 170 pa 95. Wamafizo wandipatsa kampira koti ndizifinya kakhumi, katatu pa tsiku.

Mayi wa pazenera wakhala tsonga tsiku lonse. Sayang'ana panja, akuyang'ana ine. Ndinapempha nesi wamfupi kuti akoke katani. Anati makatani ndi a nthawi yosambitsa odwala basi.

Loweruka, 8 Juni



Inali nthawi ya tiyi wa m'mawa, wodi ili phokoso, makapu akulira. Mayi uja anatsegula pakamwa koyamba chibwerere. Anayang'ana ine n'kunena kuti, “Mlamu, mwana akudya?”

Kapu inandipulumuka, tiyi yense pabulangete.

Wailesi anati, “Ee, wayankhula. Kodi ndi abale anu?”

Ndinati sindikumudziwa.

Mayi uja anatinso, “Ndikufunsa iwe. Akudya?”

Wailesi anamukalipira. “Mwana iwe, amenewa angakubale kawiri. Ukuwati iwe?”

Mayi uja sanamuyang'ane n'komwe. Anadikira mpaka ndinagwedeza mutu kuti inde. Pamenepo anagona n'kutembenukira kukhoma.

Nkhope si yake. Mlamu wanga anali wamtali, wa mano otalikirana, uyu ndi wamfupi wojintcha. Koma mawuwo ndi ake, osasa pang'ono ngati munthu amene wangodzuka. Ndipo padziko pano munthu mmodzi yekha ndiye ankanditcha mlamu n'kumanditi iwe. Munthuyo anamwalira zaka 48 zapitazo.

Lamlungu, 9 Juni

Aphunzitsi ali ndi chimfine, sanabwere. Ndathokoza Mulungu chifukwa cha chimfine.

Bipi 200 pa 115. Andiwonjezera kapiritsi.

Lolemba, 10 Juni

Zachitika pamaso pa adokotala ndi ophunzira awo onse. Anali pabedi la mayi wa pazenera, akumuunika m'maso ndi katochi, akumufunsa dzina ndi kumene akuchokera. Iye anasuzumira pansi pa mkono wa adokotala, nandiuza kuti, “Ulusi uja unagula wekha.”

Adokotala anacheuka. “Mukudziwana, mayi?”

Ndinati ayi. Wophunzira wina analemba kanthu. Adokotala anawafotokozera kuti munthu wosokonezeka amatola mawu paliponse, mwina anamva anthu akunena kuti ndine telala. Onse anagwedeza mitu n'kupita pabedi lina.

Ndinakasanza kubafa.

Lachiwiri, 11 Juni

Lero ndili ndi mphamvu ndipo mutu wayera. Ndilemba nkhani yonse, chifukwa sindikudziwa kuti ndatsala ndi masiku angati oyera chonchi. Sindinaiuzepo munthu, ngakhale abusa.

Ndinakwatiwa ndili ndi zaka 18. Amuna anga ankagwira ntchito pa kampani yofufuta zikopa, ndipo tinkakhala m'malaini a kampaniyo, nyumba zachipinda chimodzi, chitsime chimodzi cha tonse. Khomo loyandikana nalo munkakhala mlongo wawo, mlamu wangayo. Anali wamasiye, wazaka makumi atatu, ankachapa zovala m'nyumba za mabwana. Pakamwa pake panali pakuthwa, sankaopa ngakhale kapitawo. Koma ndi iye amene anandiphunzitsa kusambitsa khanda, ndipo madzulo ankakhala pambali panga n'kumandipisira ulusi m'singano, chifukwa maso ake anali akuthwa kuposa anga. Tinabereka chaka chimodzi, iye wamkazi, ine wamwamuna.

Dzinja la chaka chotsatira ana anayamba kufa m'malaini. Kutsegula m'mimba, kusanza, masiku awiri basi. Miyezi iwiri ana khumi ndi mmodzi. Wanga anali wachisanu ndi chimodzi. Anali ndi miyezi isanu.

Nthawi imeneyo boma linkaweruzabe milandu ya ufiti. Makolo atapita kukadandaula, kunabwera oweruza atatu kuchokera kumzinda waukulu. Anakhala m'holo ya kampani, patebulo loyalidwa nsalu yobiriwira, kalaliki ali pambali ndi buku lake. Wina anali atazindikira kuti mwa ana khumi ndi mmodziwo, asanu ndi awiri ankavala timalaya tosoka ine, tonse topindidwa ndi ulusi wofiira. Ndinkapinda ndi wofiira chifukwa ndi umene unalipo wambiri pagolosale ya kampani. Palibenso chifukwa china.

Apolisi anatigwira akazi asanu, mlamu ali m'gulumo. Ine ananditsekera m'chipinda chosungira zikopa zaziwisi masiku atatu. Fungo lake ndikulimvabe ndikamalemba pano. Mabere ankatuluka mkaka, diresi linauma gwaa pachifuwa. Tsiku lachitatu wapolisi wina wachikulire anakhala pachitseko n'kundiuza mofatsa kuti, “Mwana wanga, ndiwe wamng'ono, zoterezi sungaziyambe wekha. Oweruza akungofuna kudziwa amene anakupatsa ulusi.”

M'mawa mwake ndinaima m'holo, anthu atadzaza mpaka m'mazenera. Ndinalumbira. Ndinanena kuti ulusi anandipatsa mlamu. Mpaka pamenepo ndinganene kuti anali mantha. Koma woweruza wapakati atandifunsa ngati pali chinanso, ndinawonjezera ndekha. Ndinati ndinkamuona akudutsitsa ulusi pakamwa uku akunong'ona mayina a ana. Aliyense wosoka amanyowetsa ulusi pakamwa kuti ulowe m'singano. Amayi onse m'holomo ankadziwa zimenezo. Palibe anatsutsa. Ndipo ine pomanena ndinkamva kukoma, chifukwa mwana wake anali moyo, wonenepa, pamene wanga anali m'dothi.

Mlamu sanatukwane, iye amene ankatukwana kapitawo. Anangoti, “Mlamu, ulusi uja unagula wekha.” Oweruza anamuuza kuti akhale chete. Atamuwerengera chigamulo anafunsa chinthu chimodzi: “Nanga mwana wanga ayamwa kwa ndani?”

Anawanyonga awiri, iye ndi mayi wina wokalamba amene ankayankhula yekha m'njira. Kuseri kwa nyumba yosungira katundu, m'mawa, ntchito isanayambe. Ife atatu anatimasula. Madzulo a tsiku lomwelo amuna anga analowa atanyamula mwana wa mlongo wawo, namuika pamiyendo panga osandiyang'ana. Mwanayo anali atalira mpaka mawu kutha. Anagwira bere nthawi yomweyo.

Anafanso ana ena anayi. Kenako kunabwera munthu woyeza madzi, napeza kuti ngalande yochokera m'maenje ofufutira zikopa inkadonthera m'chitsime. Anachitseka ndi simenti, imfa n'kuleka. Patapita zaka zingapo lamulo lija analichotsa. Palibe anabwera kudzapepesa, ndipo palibe anandifunsa kanthu.

Tinasamukira kutali, kumene anthu sankatidziwa. Amuna anga anangonena kamodzi, m'sitima, kuti, “Mwanayu asadzamve.” Anakhala nane zaka 36 mpaka kumwalira kwawo. Sanandimenyepo, sanandikalipirepo, ndipo sanavalepo malaya osoka ine. Sitinaberekenso.

Mwanayo ndi Aphunzitsi.

Lachitatu, 12 Juni

Ndatopa. Dzulo ndinalemba zambiri.

Kampira kakhumi, kawiri. Agogo a chifuwa atuluka. Pabedi lawo abwera mtsikana wothyoka mwendo.

Lachinayi, 13 Juni

Akuti madokotala atalowa m'mawa ndinaimirira pambali pa bedi, manja kumbuyo, n'kunena kuti, “Olemekezeka, ndalumbira kale.” Akuti ndinakana kukhala mpaka adokotala atanena kuti andilola. Ine sindikukumbukira. Wandiuza ndi Wailesi, ndipo ponena sanaseke, pamene iye amaseka ngakhale chala chake chomwe.

Masana ndinapempha kuonana ndi adokotala pandekha. Ndinawafunsa ngati matendawa amachititsa munthu kumva mawu a anthu akufa. Anati inde, zimachitika, ndipo pali mankhwala ochepetsa. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinabwerera pabedi n'kufunsa Wailesi kuti, “Mayi uja Lolemba anati chiyani kwenikweni?”

Anati, “Anati ulusi munagula nokha. Ulusi wanji umenewo?”

Ndiye kuti Wailesi nayenso akudwala mutu wanga?

Lachisanu, 14 Juni

Mzere wa pakhosi pa mayi wa pazenera sukuchira. Nesi wamfupi akuti zipsera zotere zimasintha mtundu pakatha sabata, koma uwu uli ngati wa m'mawa uno. Amujambula khosi, palibe chothyoka. Apolisi anabwera, palibe amene wadandaula kuti m'bale wake wasowa.

Sadya pokhapokha aone kuti ine ndikudya. Anesi azindikira, ndiye amatipatsa chakudya nthawi imodzi n'kumaseka kuti tagwirizana.

Mawu atatu a lero: ndakumbukira limodzi. Wotchi ndajambula manambala onse mbali imodzi. Ndinaona kuti yalakwika koma sindinadziwe pokonza. Ine amene ndinkadula suti popanda pepala.

Lamlungu, 16 Juni

Aphunzitsi achira, abwera ndi msuzi wa nyama m'fulasiki. Ndinawauza kuti tikakhale panja pakhonde. Anati kukuzizira.

Anali akusenda lalanje pamene mayi uja anatsika pabedi. Chibwerere sanayendepo popanda kumugwira. Anadutsa pakati pa wodi wopanda nsapato, naima pafupi ndi mwana wanga, pafupi kwambiri. Anamugwira chibwano ndi zala ziwiri n'kumutembenuza nkhope uku ndi uku, monga timachitira ndi mwana amene wabwera kuchokera kutali.

Anati, “Wakula.”

Aphunzitsi, amene salola ngakhale mwamuna wawo kuwakonza kolala, anangokhala duu, mpeni m'manja. Mayi wazaka makumi atatu akusisita tsaya la mayi wazaka 49, yemwe imvi zayamba kale.

Kenako anatembenukira kwa ine. “Umuuze, mlamu. Ine andiletsa kuyankhula.”

Anesi anabwera kudzamutenga. Aphunzitsi anapita kubafa, anakhalako nthawi yaitali. Pobwera maso anali ofiira. Anati, “Amayi, sindikudziwa chandiliza. Ndi wamisala chabe, eti?”

Ndinati eya, ndi wamisala chabe.

Lachiwiri, 18 Juni

Dzulo kunabwera sitiroko ina yaing'ono. Andiika dilipi. Lilime lolemera.

Bipi 205 pa 120.

Lachitatu, 19 Juni

Mawu akubwerera koma ena akusochera. Ndinafuna kupempha supuni, ndinati singano. Ndinafuna kunena nesi, ndinati kalaliki.

Adokotala anatulutsa ophunzira n'kutsala okha. Anati, “Mayi, sindikufuna kukuopsezani. Koma ngati pali zimene mukufuna kukonza ndi a kunyumba, za nyumba kapena za makina anu, muyankhule sabata ino. Ikabweranso ina, mwina mawu sadzabwerera.”

Iwo akuganiza za makina.

Lachinayi, 20 Juni

Ndamuuza.

Mwana wanga anabwera nthawi ya nkhomaliro kuchokera kusukulu, choko chikadali m'zala. Ndinati akoke mpando. Ndinafuna kungomupatsa kopeli kuti awerenge yekha, koma ndinaona kuti bodza ndinalinena ndi pakamwa, anthu akumva. Ndiye ndinanena ndi pakamwa, lilime likukokeka. Wailesi anamva, mtsikana wa mwendo anamva, wokolopa anaima ndi mopu wake.

Sindinasiye kanthu. Ndinanenanso zoti ndinkamva kukoma.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anayang'ana choko cha m'zala zake. Kenako anati, “Amayi, adokotala anati muzisokoneza zinthu. Izi mwina munamva pa wailesi.”

Ndinati, “Pa kalata yako yobadwira, tsiku limene inalembedwa ndi chaka chathunthu utabadwa, ndipo tauni yake ndi ina. Unandifunsapo uli kusekondale. Ndinati kalata yoyamba inapsa.”

Anati, “Ndiye adadi?”

“Amalume ako.”

“Ankadziwa kuti munanama?”

“Sanandifunsepo.”

“Nanga mlamu wanuyo anamuika kuti?”

“Sindikudziwa. Onyongedwa sankaperekedwa kwa abale.”

Anaimirira pang'onopang'ono ngati iye ndiye wodwala. Anaika fulasiki pakabati, naikonza kuti chogwirira chiyang'ane kudzanja langa labwino. Anayang'ana ku bedi la pazenera. Mayi uja anali m'tulo, masana dzuwa likuswa mtengo, kukamwa kuli yasa. Mwana wanga anatuluka osatsanzika.

Lachisanu, 21 Juni

M'mawa uno mayi wa pazenera wadzuka n'kufunsa nesi kuti, “Pepani asisi, kuno n'kuti? Nanga ana anga ali ndi ndani?”

Mawu ena. Opyapyala, othamanga. Watchula dzina lake, dzina la mwamuna wake, ndi nambala ya foni. Amagulitsa zipatso m'tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Chomaliza chimene akukumbukira n'choti ankayanika zovala kuseri kwa nyumba. Za depoti sakudziwa, za khosi sakudziwa. Mzere uja wasanduka wachikasu, ukuzilala.

Mwamuna wake wafika madzulo, dalaivala wa lole, akulira ngati mwana. Akhala akumufuna m'zipatala za kwawoko.

Ndinamuitana mayiyo. Anabwera mwaulemu, nagwada pambali pa bedi. Ndinamufunsa ngati akundidziwa.

Anati, “Ayi agogo. Kapena ndinakulakwirani pamene ndinali wosokonezeka? Mundikhululukire.”

Ndinamufunsa ngati kwawo kuli anthu amene anagwirapo ntchito ya zikopa. Anati ayi, onse ndi alimi.

Ndinkafuna kumva mawu aja kamodzi kokha. Ndinali ndi zoti ndinene. Masabata awiri anali pamaso panga ndipo ine ndinkapempha katani.

Loweruka, 22 Juni

Mayi wa pazenera watuluka. Bedi alipukuta ndi mankhwala.

Wailesi sanandiyankhule kuyambira Lachinayi. Amayankhula ndi mtsikana wa mwendo modutsa pamwamba panga. Lero ndinagwetsa kampira, kanagubuduzika mpaka pansi pa bedi lake. Anakakankha ndi ndodo yake kubwerera kwa ine. Anati, akuyang'ana kudenga, “Ine amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Koma ndimadziwa pamene agona.”

Aphunzitsi sanabwere.

Lamlungu

Wabwera mkamwini yekha ndi mpunga. Akuti mayi a kunyumba atenga tchuthi kusukulu, akwera basi kupita ku tauni ya kampani ija. Ndinafunsa ngati ananena kanthu za ine. Anayang'ana m'jumbo. Anati anangoti ndisaiwale kapiritsi kachikasu.

Lachiwiri kapena Lachitatu

Fungo la zikopa m'wodi monse. Anesi akuti ndi mankhwala okolopera.

Ndinabisa buledi pansi pa pilo kuti ndikapatse mwana. Mwana uti? Nesi anandifunsa. 

Bipi sindinamve.

Tsiku lina

Oweruza anabwera anayi ndi wamtali uja. Ndinawauza kuti ndikufuna kusintha umboni. Wamtali anati palibe vuto mayi, talemba. Sanalembe. Ndinaona, cholembera chinali m'thumba.

Mawu atatu: palibe.

Lachisanu, 28 Juni

Tsikuli wandiuza ndi nesi wamfupi. Lero mutu wayera pang'ono, ndiye ndilemba za dzulo zisanachoke. Zina ndikukumbukira ndekha, zina wandithandiza Wailesi, amene wayambanso kundiyankhula pang'ono.

Inali nthawi ya alendo masana. Ndinaona mlamu akulowa pakhomo la wodi. Osati mawu okha ayi, iye yense: wamtali, mayendedwe ake oponya phazi, mano otalikirana. Anali wotopa, fumbi m'nsapato. Ndinatsika pabedi, dilipi n'kuzuka, magazi pamkono. Ndinagwada pasimenti n'kugwira miyendo yake.

Ndinati, “Alamu, ndinanama. Ulusi ndinagula ndekha. Pitani nane kwa oweruza, ndikanene. Mwana ndamusunga, akudya, wakula, ndi mphunzitsi. Ndikhululukireni.”

Wailesi akuti ndinabwereza zimenezi kangapo, wodi yonse ili zii, alendo ataima ndi mbale m'manja.

Anali mwana wanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuyang'ana tsiku ndi tsiku osalola maso anga kuona amene amafanana naye.

Anandidzutsa pamodzi ndi nesi, nandikhazika pabedi. Anadikira kuti andibwezere dilipi. Kenako anakhala pampando n'kuyankhula, osakweza mawu.

Anati kampani inatsekedwa kalekale, malaini anagwetsedwa. Holo ilipo, muli sitolo ya matayala. Kuseri kwa nyumba ya katundu kuja tsopano amaimikako malole. Anapita ku nyumba yosungira mabuku akale a khoti, anadikira masiku awiri, ndipo anamupezera bukulo. Anawerenga umboni wanga wonse, masamba atatu, ndi chidindo cha chala changa pansi pake. Mawu a mayi ake ndi mizere iwiri. Anaikopera papepala, ili m'chikwama chake. Manda sanawapeze. Anapeza bambo wina wokalamba wokonza njinga amene anali mwana m'malainimo. Akuti amawakumbukira: ankaimba pochapa, ndipo tsiku lina anathira kapitawo madzi a sopo chifukwa anamenya galu.

Apa anaseka pang'ono, kenako analeka.

Ndinati, “Ndikhululukire, mwanawe.”

Anati, “Amene mumamupepesa pansi paja si ine. Ine sindingamuyankhire.”

“Nanga iweyo?”

 Anati, “Sindikudziwa. M'basi monse ndimayesa kukudani. Pena zimatheka, pena ndimangokumbukira mukundisokera yunifolomu. Adokotala akuti posachedwa muiwala zonsezi. Inu muiwala, ine nditsala nazo. Chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri.”

 

Sanandiitane amayi. Sanandiitanenso dzina lina. Anatsegula kontena, nayala thaulo pachifuwa panga, nauzira supuni.

Anati, “Yasamulani, chizizira.”

Ndinayasamula.